Kachidutswa Kamene Sipanala Anadula

Anthu ankamutchula kuti Sipanala, ndipo dzinalo linamukhala. Ankakonza njinga zamoto m'kagalaja kamalata kuseri kwa msika, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wogulitsa matayala akale. Ntchito ankaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Akangomva kulira kwa injini patali, ankakuuzani chomwe chikuivuta mwiniwake asanaizimitse n'komwe.

Za makanema anamuyambitsa ndi mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamkulu. Mlongoyo ndi amene anamulera Sipanala makolo awo atamwalira. Mlamuyo anali bambo wansangala, wapakamwa posatseka, ndipo ankagwira ntchito yoperekera makatoni m'maofesi pa njinga yamoto.

"Alamu, nzeru zanuzi zikungowolera m'malata muno," anatero tsiku lina. "Anzanu akudzijambula akutsuka unyolo basi, anthu n'kumaombera m'manja. Inu mukudikira chiyani?"

Mawa lake anabwera ndi kachitsulo koimikapo foni, n'kumutsegulira tchanelo pa intaneti. Woyamba kuitsatira anali iye yemwe. Kanema aliyense akangotuluka, ndemanga yoyamba inkakhala yake: "Awa ndi alamu anga enieni!" Alonda a pa mageti ankawaonetsa, amene ankaima naye pamzere ankawaonetsa, ngakhale wapolisi wina amene anamuimitsa pamsewu anachoka pamenepo atatsatira tchaneloyo.

Chaka choyamba omutsatira sanapitirire mazana atatu. Kenako Sipanala anatulukira kamzere. Mu foni muli kamzere kosonyeza pamene anthu amasiyira kuonera kanema: akakhala ndi chidwi kamayenda mowongoka, akatopa kamagwa. Kamzere kameneko n'koipa kuposa mowa, chifukwa chidakwa chimadziwako kuti chaledzera. Sipanala anayamba kukamvera kuposa munthu wina aliyense. Kakagwa pa moni, moni ankamudula. Kakagwa pamene akufunafuna nati yomwe yagwera pansi, ankadula. Makanema a mphindi khumi ndi ziwiri anafika pa zinayi, ndipo omutsatira anakwera kufika m'zikwi. Ogulitsa oyilo anayamba kumutumizira zigubu zaulere kuti azizionetsa. Anasangalala kwambiri, ndipo anali ndi chifukwa chosangalalira.

Tsiku lina anajambula kanema wosintha mapadi a buleki yakutsogolo. Ntchitoyo ili ndi kanthu kamodzi kumapeto. Munthu ukamanga mapadi atsopano, buleki imakhala ilibe mphamvu mpaka utaipopa: kufinya chogwirira, kusiya, kufinya, kusiya, mpaka chitalimba. Makaniko aliyense amachita zimenezi osaganiza n'komwe, monga mmene munthu amatsekera chitseko potuluka. Sipanala anapopa ndithu, foni ikujambula. Koma pokonza kanemayo anaona kuti pamenepo sipakuoneka chilichonse koma dzanja lakuda likungofinya ndi kusiya, ndipo anadziwa kuti kamzere kaja kagwa. Anadzifunsa kuti ndani sadziwa kupopa buleki, n'kudula.

Kanemayo anayenda kuposa onse. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka lina mlamu uja anafika pagalaja buleki yake ikulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Anapeza Sipanala ali kalikiliki kujambula chinjinga chachikulu chimene anabwerekedwa kwa tsiku limodzi lokha.

"Alamu, lero ndapanikizika," anatero Sipanala, maso ali pa foni. "Mapadi ndi awa. Kaonereni kanema uja, zonse zili momwemo. Mwana amene angathe."

Mlamuyo sanakhumudwe. Anachita kunyadira. "Mwaona? Ndamaliza sukulu yanu. Lolemba ndibwera kudzatenga satifiketi."

Anamanga mapadiwo Lamlungu madzulo pakhonde pake, foni ataitsamiritsa pa njerwa. Lolemba m'mawa anatuluka pageti pang'onopang'ono ndi buleki yakuphazi. Pamtsetse wa pafupi ndi mphambano, lole inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwake. Anafinya chogwirira, ndipo chinangolowa chonse mpaka kukhudza handulo.

Anawomba loleyo, ndipo bondo lakumanja linaphwanyika. Madokotala anachita zomwe akanatha, n'kunena mosapsatira kuti kuyenda adzayenda ndi ndodo, koma mwendowo sudzapindikanso. Za njinga aiwale.

Njingayo anaibweretsa ku galaja Lachitatu pa ngolo. Sipanala anayang'ana mapadi aja. Anali atamangidwa bwino, mwaukhondo, bawuti iliyonse m'malo mwake, moti iye mwini sakanachita kuposa pamenepo. Kenako anagwira chogwirira cha buleki. Anafinya kamodzi, kawiri, kachitatu chinalimba. Anakhala pa chigubu cha oyilo. Palibe amene anafunika kumufotokozera.

Kanemayo anamuchotsa tsiku lomwelo. Koma kuchotsa kanema n'kosavuta. Chovuta chinali kukamwa. Ankadziwa kuti akangonena, ataya mlamu amene anamukhulupirira anthu onse asanamudziwe, ndiponso mlongo amene anasiya sukulu kuti iye adye. Choncho kwa milungu itatu ankapita ku chipatala tsiku lililonse ndi jumbo ya malalanje, n'kukhala pa kampando kapulasitiki, kumasenda, kumapereka, kumagwedeza mutu.

Mlongo wake naye, pofuna potulutsira ululu, ankaugwetsera pa mwamuna wake.

"Munthu uli ndi mlamu makaniko, iwe n'kumadzichititsa umakaniko pakhonde! Mumafuna kuonetsa ndani? Onani tsopano." Akatero ankatembenukira kwa Sipanala. "Iwe ndiye wandigwira dzanja, mchimwene wanga. Ena abale angobwera kamodzi n'kusowa."

Mawu amenewo ankamuwotcha kuposa kutukwanidwa. Koma ankangowerama n'kupitiriza kusenda. Amenewo ndi mantha, ndipo palibe dzina lina lowakometsera.

Mlamuyo atatuluka m'chipatala, Sipanala anapita kukawaona kunyumba masana ena. Mlamuyo anali pa sofa, mwendo wowongoka uli pa kasitulo, ndodo zili pambali. Anali atawonda, ndipo nthabwala zinali zitamuthera. Mlongo uja ankasita malaya a ana patebulo pafupi ndi zenera.

"Alamu, khalani apa," anatero mlamuyo, akutulutsa foni pansi pa pilo. "Kanema uja sindikumuonanso pa tchanelo, kaya zavuta ndi chiyani. Mwamwayi ndinamukopera mufonimu. Ndamuonera mwina kakhumi m'chipatala muja. Ndikufuna mundithandize."

"Chiyani, alamu?"

"Mundionetse pomwe ndinalakwitsa. Tulo sindigona. Ndikaonera ndimaona kuti ndinachita zonse monga munachitira inu, koma penapake ndinaphonya, apo ayi sindikanakhala chonchi. Mayi a ana akunena zoona, ndine wopusa. Koma ndingodziwa kuti kupusa kwanga kunali pati, mtima ukhale pansi."

Anayatsa kanemayo. Mawu a Sipanala anadzaza m'chipindamo, osangalala, othamanga. Manja anamasula, anachotsa mapadi akale, analowetsa atsopano, anamanga. Bawuti yomaliza itangolimba, chithunzi chinadumpha, ndipo njinga inaoneka ikuyenda kale pamsewu, nyimbo ikulira.

"Imitsani pamenepo," anatero Sipanala.

Mlamuyo anaimitsa.

"Simunalakwitse paliponse."

"Ayi, alamu, musandinyengerere. Ndine munthu wamkulu."

"Sindikukunyengererani. Pakati pa bawuti ija ndi msewu uja panali kanthu kena. Ukamanga mapadi, umayenera kupopa buleki mpaka ilimbe, apo ayi siigwira. Ine ndinapopa. Ndinajambula. Kenako ndinadula pokonza kanemayo."

"Munadula bwanji?"

"Ndinaona kuti anthu atopa napo, asiya kuonera." Mawu ake anali atauma. "Ndinadziwa Lachitatu lija njinga itabwera ku galaja. N'chifukwa chake ndinamuchotsa pa tchanelo."

Mlongo uja anaimika simbi n'kuzula waya pakhoma. Anamuyang'ana mchimwene wake nthawi yaitali, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi yemwe uja anamusambitsa ali mwana.

"Lachitatu," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye kuti milungu yonseyi ndakhala ndikumunyoza mwamuna wanga pabedi la chipatala, pamaso pako, iwe uli phee ukusenda malalanje?"

"Achemwali, ndinkaopa."

"Unkaopa. Iye ankalira usiku kuti wasaukitsa ana ake ndi manja ake, iwe unkaopa." Sanakweze mawu. "Kudulako ndikanamva, munthu amalakwitsa. Koma kukhala chete kuja, ayi. Dzuka uzipita ndisanalankhule zoti ndidzanong'oneze nazo bondo."

Sipanala anadzuka. Chisoni chimene anamva sichinali cha kugwidwa ayi. Chinali choti zonsezi zikanapeweka ndi zinthu zazing'ono kwambiri: kusiya kachidutswa kaja, kapena kuika foni pansi Loweruka lija n'kumanga yekha mapadi awiri, ntchito yosakwana theka la ola.

Ali pakhomo, mlamuyo anamuitana.

"Alamu."

Anatembenuka. Bamboyo sankayang'ana iye. Ankayang'ana chithunzi choimitsidwa chija pa foni, chala chili m'mphepete mwake.

"Kachidutswa kameneko kanali kotalika bwanji?"

"Masekondi khumi ndi asanu."

"Khumi ndi asanu." Mlamuyo anabwereza ngati akulawa mawuwo. "Ndiye mutadula, anthu anaonera mpaka kumapeto?"

Bodza linali pafupi, koma linali litamukwana.

"Anaonera."

"Ambiri?"

"Ambiri, alamu."

Mlamuyo anagwedeza mutu. Anatembenuza foniyo chafufumimba pa sofa, n'kusisita bondo lake losapindikalo. Polankhula, m'mawu ake munalibe mkwiyo kapena chipongwe, ndipo zimenezo n'zimene Sipanala sanathe kuzipirira.

"Bola," anatero. "Ndimaopa kuti mwina mwendowu unapita pachabe."