Mahandulo a Malemu Kachitsa

Abambo anga anali aafupi kwambiri, ndipo anthu ankawatchula kuti a Kachitsa. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankagawa buledi m'magolosale pa njinga yamoto yofiira. Atamwalira, mwini wa bekale anabwera kunyumba n'kunena kuti ntchito ija ilipo ngati ndikuifuna. Ndinali nditangomaliza sukulu, ndipo pamaso pa anthu akuluakulu ndinkachita manyazi. Ndinangoyang'ana pansi. Amayi ndi amene anavomera m'malo mwanga.

Ine ndinatengera kwawo kwa amayi, kumene kuli anthu aatali ngati milongoti. Koma njinga ija abambo anaikonza molingana ndi thupi lawo. Mahandulo anawatsitsa mpaka anatsala pang'ono kukhudza thanki. Kuti ndiwagwire ndinkapinda msana, khosi n'kulowa m'mapewa, zigongono zili tang'a ngati nkhuku yonyowa. Labala wa pa mahandulo anali ataperepeseka, ndipo panali timaenje ta zala zawo. Ndikangogwira, zala zanga zinkalowa zokha m'timaenje timeneto.

Mwezi woyamba, eni magolosale akandiona patali ankakuwa kuti, "A Kachitsa!" Ndikavula chipewa ankagwira pakamwa n'kupepesa. Mwezi wachitatu anasiya kupepesa. Ena ankandifunsa nkhani zakale zomwe sindikuzidziwa, ine n'kumangogwedeza mutu chifukwa cha manyazi. Chimene chinkandiopsa n'chakuti nthawi zina ndinkayankha, ndipo yankholo linkakhala lolondola.

Msana nawonso unayamba kukana. Poyamba ndikatsika pa njinga unkawongoka msanga. Kenako unayamba kutenga ola lathunthu. Lamlungu lina, tsiku lomwe sindinakwere n'komwe, ndinadziona pa galasi la kubafa nditawerama ngati ndagwira mahandulo. Ndinayesa kudziwongola, koma zinakanika. Dokotala wa pachipatala chaching'ono anandisisita msana ndi chala chachikulu n'kunena mosabisa kuti ndikapitiriza kukwera chonchi chaka china, sindidzawongokanso.

Sindinawauze amayi. Abambo atangomwalira, amayi anasiya kudya ndi kupesa tsitsi. Koma m'miyezi imeneyi anali atayamba kuchira. Ikakwana folo koloko ankaima pazenera la pabalaza, ndipo ndikamalowa pageti nditawerama pa njinga paja, nkhope yawo inkawala.

"Mwafika, abambo ake?" ankatero. "Madzi ndakuikirani kale kubafa."

Tsiku loyamba ndinkaganiza kuti akuseka. Koma sanandinenenso kuti "iwe". Ineyo ndinkangoti, "Ndafika," n'kupita kukasamba.

Lachisanu lina nditamaliza kugawa, ndinasiya bokosi la buledi ku bekale n'kupita kwa makaniko amene anali mnzawo wa abambo. Aliyense ankawatchula kuti a Sipanala. Galaja yawo inali kuseri kwa sitolo yogulitsa penti, pansi pake pakuda bii ndi oilo wa zaka zambiri. Nditalowa anadzuka pa tayala lomwe anakhalapo, atagwira pamtima.

"Ha! Mwana iwe udzandipha. Ndimati mnzanga wadzuka kudzandiuza kuti sindidziwa ntchito."

"Muli bwanji amalume?"

"Ndili bwino, koma iweyo ndiye ayi. Taima bwinobwino ndikuone."

"Ndaima."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuseka kuja n'kutha. Ndinawauza zimene ananena dokotala. Analowa m'kachipinda kawo, n'kumasokosa ndi zitini, kenako anatuluka ndi tizitsulo tiwiri tonyezimira, chilichonse chotalika ngati zala zitatu zophatikiza.

"Timeneti timakhala pansi pa mahandulo n'kuwakweza," anatero. "Ndinawauza bambo ako kalekale kuti mwana wanu akukula ngati nsungwi, njingayi idzamupinda. Ukudziwa anandiyankha chiyani? Akuti akadzafuna yake adzagule."

Anaphimba thanki ndi chiguduli n'kuyamba kumasula mabawuti anayi ogwira mahandulo. Awiri anamasuka bwino. Lachitatu linakana. Anathira oilo, anagogoda, anawonjezera paipi pa sipanala, thukuta lili kamukamu.

"Bambo ako ankamanga bawuti ngati akumanga wakuba," anatero akupuma movutikira. "Tagwira tayala lakutsogolo ndi maondo akowo, kutalikaku kugwireko ntchito."

Bawuti lija linamasuka ndi kulira kwakuthwa ngati mwana wagalu wapondedwa. Atachotsa chitsulo chapamwamba, anandionetsa timadontho titatu tokhomedwa ndi msomali pa handulo.

"Chizindikiro cha bambo ako ichi, choti aliyense asasunthe. Ine ndinasunthapo kamodzi pang'ono chabe, munthu anatha mwezi wathunthu osandipatsa moni." Anaima kaye atanyamula mahandulo m'manja. "Amayi ako akudziwa kuti wabwera kuno?"

"Ayi."

"Hmm."

Anaika tizitsulo tija, anakhazika mahandulo pamwamba pake, n'kulowetsa mabawuti atsopano aataliko. Ankamanga mosinthanasinthana, ili pang'ono, ilo pang'ono, kuti mbali zonse zigwire mofanana. Kenako anandiuza kuti ndikhalepo. Ndinakhala, ndinagwira, ndipo kumsana kunalira kuti gwa, gwa, ngati nkhuni zouma. Mpweya unalowa m'chifuwa mpaka pansi. Ndinali nditaiwala kuti munthu amapuma chonchi.

A Sipanala anagwira makebulo amene amatsika kuchokera ku mahandulo: ya buleki, ya kilatchi, ndi ya moto, ija imakoka mafuta ukapotoza dzanja.

"Ya motoyi yafupikirako, koma ikwana," anatero. Anakhotetsa mahandulo kumanja ndi kumanzere injini ili chozima. "Bwenzi nditailiza kuti timve, koma taona nthawi. Kuseri kwa khomali kuli sukulu ya mkaka, ndipo kuyambira wani koloko tiana timagona. Mphunzitsi wake ndi kamtsikana kochepa thupi, koma pakamwa, mwana wanga! Anandilalatirapo kamodzi mpaka ndinaiwala dzina langa. Kankha ukalizire kumsewu."

Ndinakankha njinga mpaka kumsewu waukulu n'kuiliza.

Dzuwa linali likuswa mtengo. Kwa nthawi yoyamba ndinkaona pamwamba pa mipanda: zovala zoyanikidwa, galu atagona pa denga la khola, mayi akumeta mwana wake pakhonde. Msewu womwewo ndinkadutsamo tsiku lililonse, koma ndinkangodziwa maenje ake.

Chinthu choyamba chimene ndinazindikira chinali galasi loonera kumbuyo. Linakwera limodzi ndi mahandulo, ndiye m'malo moonetsa msewu linkaonetsa phewa langa ndi mpando wakumbuyo. Ndinalikankha ndi chala, koma linabwerera pomwepo. Chachiwiri chinali kulemera. Bokosi la buledi ndinali nditalisiya, koma podutsa pa bampu kumbuyo kunagunda pansi ngati ndanyamula katundu.

Pa mphambano yoyamba ndinakhotera kumanzere, ndipo injini inabangula yokha. Dzanja langa silinapotoze kanthu. Njinga inalumphira kutsogolo, ndinatsala pang'ono kugunda ngolo ya munthu wogulitsa nthochi. Nditawongola mahandulo, inakhala bata ngati sinachite kanthu.

Ndinaima pamalo omwetsera mafuta. Mayi wothira mafuta pamenepo ankawadziwa abambo kwa zaka zambiri. Anabwera akupukuta manja pa yunifolomu, maso ake osayang'ana ine koma kuseri kwa phewa langa.

"Eee, lero ndiye mwakhala bwana, a Kachitsa! Mwapeza wokuyendetsani?"

Sindinacheuke. Mayi uja anaphethira kawiri, kumwetulira kuja n'kuzimiririka pang'onopang'ono. Anayang'ana ine, anayang'ananso kumbuyo kwanga.

"Pepa mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Ndi dzuwali. Ndithire angati?"

Anathira mafutawo osandiyang'ananso.

Kuchokera pamenepo kukafika kwathu pali makona atatu, onse akumanzere. Pa loyamba injini inabangulanso. Pa lachiwiri inabangula kwambiri, ndipo ndinamva maondo awiri aafupi akundipana m'chiuno, monga amachitira munthu wokwezedwa akafuna kuti ufulumire. Ndinaponya diso pa galasi lija. Munalibe nkhope. Munali mpando wokha, koma chikopa chake chinali chitalowa pakati ngati pakhala munthu.

M'mutu mwanga zinthu zinayamba kulongosoka. Miyezi yonseyi abambo sanatsikepo pa njinga yawo. Malo awo anali pamene ndinkakhala ine, mkati mwa msana wopindika uja. Tsopano mahandulo anali atawatalikira, ndiye anangosunthira kumbuyo, ndipo ankafuna kukafika kunyumba msanga. Ndinadziwa zimene zikachitike kumeneko. Amayi akawaona. Akandipempha modekha, mwina akulira, kuti ndichotse tizitsulo tija. Ndipo ine chibadwire sindinawakanirepo kanthu amayi anga.

Kona lomaliza lili pafupi ndi kashedi kodikirirapo basi. Ndisanafike pamenepo ndinagwira buleki, ndinapatukira pambali n'kuzimitsa injini. Mu shedimo munalibe munthu. Msewu wonse unali zii, kupatula wailesi ya m'nyumba ina patali. Ndinaponda pansi ndi miyendo yonse iwiri, manja ali pa mahandulo, maso kutsogolo.

Abambo ali moyo sindinkayamba ndine kuwalankhula. Iwo ankafunsa, ine ndinkayankha.

"Abambo," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana. "Tsikani."

Palibe chinasuntha. Injini inkangolira kuti te, te, te pozizira. Maondo aja anandipana kwambiri, ndipo pakhosi panga kumbuyo panafika kampweya kofunda, konunkhira buledi wongophula kumene. Misozi inadzaza m'maso. Ndinkafuna kucheuka, ndinkafunitsitsa, koma ndinadziwa kuti ndikangocheuka ndipepesa.

"Njingayi ndiisamala," ndinatero. "Amayi ndiwasamala. Koma msanawu ndi wanga. Chonde tsikani pompano."

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Basi inabwera, inaima, kondakitala anandiyang'ana, basi n'kupita. Kenako maondo aja anamasuka. Njinga inapendekera kumanzere pang'ono, mbali imene munthu amatsikira, ndipo masipuling'i akumbuyo anakwera n'kulira kuti kwii.

Nditawerama kuyang'ana kutsogolo kwa thanki, ndinaona kebulo ya moto ija. Ndikakhotetsa mahandulo kumanzere inkakungika ngati chingwe cha gitala n'kudzikoka yokha. Zimenezo ndinazimvetsa, ndipo a Sipanala akanatha kuzikonza m'mawa mwake ndi kebulo yaitaliko. Za masipuling'i zija sindinapeze chozifotokozera.

Sindinailize pamenepo. Ndinaikankha kudutsa kona lija, osayang'ana mu shedi, n'kuiliza ndi kukwera nditafika powongoka. Inali yopepuka ngati njinga yakapalasa.

Amayi anali pazenera. Ndinalowa pageti msana uli chilili, ndinaimika njinga pansi pa khonde n'kuvula chipewa. Sanatuluke. Polowa m'nyumba ndinagunda mutu pa felemu la chitseko, mpaka ndinaona nyenyezi masana.

Amayi sanatembenuke. Anagwira katani ndi dzanja limodzi, maso ali pageti lomwe ndinali nditalitseka kale.

"Wabwera wekha?" anafunsa.

"Eya, amayi."

"Sunakumane ndi munthu panjira?"

Ndinayang'ana pansi. Kenako ndinadzutsa mutu. "Ndabwera ndekha."

Amayi anasiya katani, anakhala pa mpando mwapang'onopang'ono ngati nkhalamba, n'kuyamba kulira. Sikunali kulira kwakachetechete kumene ndinkakumva m'miyezi yoyamba ija. Kunali kulira kochokera m'mimba, kofuula, moti mayi woyandikana nafe anasuzumira pampanda. Ndinagwada pafupi nawo osadziwa poika manja.

Atatopa anapukuta nkhope ndi nsalu yawo n'kundiyang'anitsitsa, ngati munthu amene wabwera kuchokera kutali. Anakweza dzanja n'kugwira chotupa chomwe chinali chitayamba kutuluka pamphumi panga.

"Iwe," anatero, mawu atasasa. "Taimirira."

Ndinaimirira. Anapendeketsa khosi kuti aone nkhope yanga.

"Watalika liti chonchi, mwana iwe?"