Dontho la pa Mkombero Wachitatu

Envulopu itangong'ambidwa, mapepala n'kuyalidwa patebulo, Mayi Madontho anaona kuti zinthu zalakwika. Iwo zilembo za anthu osaona amawerenga ndi maso, poyang'ana timithunzi ta timadontho totukuka papepala, ndipo m'mawa umenewo dzuwa linkalowa bwino pazenera la laibulale. Pamwamba penipeni panagwera pepala la chithunzi cha atomu. Pa mkombero woyamba panali timithunzi tiwiri. Pa wachiwiri, tisanu ndi titatu. Pa wachitatu panali see, popanda kanthu. Chonsecho dzulo lake iwo anali atatosapo dontho limodzi ndi dzanja lawo lomwe.

Anakumbukira pomwepo. Iwo atamaliza kukonza mapepalawo, ahedi anaika envulopu m'kabati n'kusanjikizapo katoni ya mabuku atsopano, ati kuti isasowe. Isasowe! Katoni yonse kugonera kadontho kamodzi mpaka kukacha. Madontho enawo anali m'gulu, anagawana katunduyo. Lapayekhalo ndi limene linaphwatalala.

Dzina loti Madontho anawapatsa ndi ana asukulu, chifukwa cha ntchito yawo yophunzitsa ana osaona kuwerenga ndi zala. Pa ana onse amene anadutsa m'manja mwawo, panalibe wofanana ndi mtsikana amene anakhala patebulopo tsopano, msana uli njo, zala zikufufuza m'mbali mwa makina ake olembera. Bambo ake anamutcha Loya ali wamng'ono, chifukwa mwanayo sankalola mawu kumudutsa asanawafunse kumene achokera. Dzinalo linamukakamira mpaka kusukulu.

Nkhani inali yakuti Loya ankafuna kupitiriza sayansi. Pasukulupo sizinachitikepo. Mwana wosaona akafika fomu yachitatu ankangomuuza mokoma kuti asiye sayansi, atenge mbiri yakale ndi zinenero, kumene kulibe zithunzi. Mayi Madontho analimbana nawo chaka chathunthu mpaka ahedi anatopa nawo.

"Chabwino," anatero ahedi. "Alembe mayeso omwewo amene anzake alemba. Akapeza sikisite, alowa. Akapanda kupeza, nkhaniyi ndisaimvenso. Koma inu madamu, mukangotsegula pakamwa m'chipindamo, pepala lonse tikung'amba."

Mawu omalizawo anali ndi chifukwa chake. Mu sitafu anthu ankanong'onezana kuti amene amakhoza mayeso a Loya si Loya ayi, ndi Madontho, poti ndi iwo okha amene amatha kuwerenga zolemba zake. Choncho ulendo uno anagwirizana kuti nthawi ikatha, Loya awerenge yekha mayankho ake mokweza, mphunzitsi wa sayansi azilemba ndi kuchonga pomwepo. Mayi Madontho analoledwa kukhalamo kuti makina akadya pepala akonze, basi. Chikwama, foni, ngakhale cholembera, zonse anasiya pakhomo.

Mphunzitsi wa sayansiyo ana ankamutcha Asidi, ndipo sanamunamizire. Anali bambo woonda, wa taye ngakhale dzuwa liswe mtengo, amene mawu ake ankawawa pokhudza khungu. Iye ndiye ananena pamsonkhano kuti labu si malo opapasira. Tsopano anavula wotchi, n'kuiika patebulo lake.

"Ola limodzi ndi theka. Yamba."

Makina anayamba kulira, kha kha kha, belu n'kuti ngii kumapeto kwa mzere. Mayi Madontho anakhala pampando wathabwa kumbuyo kwa mtsikanayo. Mafunso ankawadziwa onse, poti anawalemba okha m'zilembo za madontho. Awiri anali a mitundu ya mankhwala, kuti madzi akusanduka ofiira kapena obiriwira, ndipo pamenepo Loya ankatha kutaya malikisi angapo. Zimenezo anaziwerengera kale. Chimene sanawerengere chinali funso lachisanu, la malikisi makumi awiri, lonse lokoloweka pa chithunzi chija.

Funsolo silinali lovuta kwa munthu wopatsidwa chithunzi chathunthu. Pakati pa atomu analembapo kuti manyutuloni alipo khumi ndi awiri. Maelekitironi ndiwo madontho a pa mikombero, uwerenge wekha. Ukawapeza, wapezanso mapulotoni, chifukwa awiriwo amakhala ofanana chiwerengero. Uphatikize mapulotoni ndi manyutuloni, wapeza kulemera kwake. Kenako utchule dzina la atomuyo ndi khalidwe lake. Ukawerenga khumi ndi limodzi, ndi sodiyamu, wa mumchere uja, amene ukamuponya m'madzi amalusa. Ukawerenga khumi, ndi niyoni, mpweya waulesi wosayanjana ndi china chilichonse. Kuphonya dontho limodzi kunali kuphonya zonse, mzere ndi mzere mpaka pansi.

Mayi Madontho anayesa kukodola Asidi ndi dzanja. Asidi anawayang'ana, n'kuika chala pamlomo. Mayiwo analoza pepala lija ndi maso, n'kupukusa mutu mochonderera. Asidi anakweza nsidze, n'kuloza chitseko ndi cholembera, kusonyeza kuti ngati simungathe kudekha, njira ndi iyo. Mayiwo anabweza dzanja lawo pamiyendo. Akanatani? Kunong'ona kuti pa mkombero wachitatu pasowa dontho, m'chipinda chimene mwanayo amamva ngakhale buluzi akamayenda pakhoma, kunali kumuuza yankho. Mkwiyo unawagwira, wokwiyira ahedi, katoni, Asidi ndi taye yake, komanso iwo eni posaika kakatoni kolimba mkati mwa envulopu monga amachitira masiku onse.

Patatha mphindi makumi asanu, Loya anakankhira makina pambali n'kukoka pepala la chithunzi. Zala zake zinayambira pakati, n'kuwerenga nambala. Zinatuluka pa mkombero woyamba. Milomo inkagwedera pang'ono: wani, thu. Zinapita pa wachiwiri, n'kuzungulira bwinobwino, chala chamanzere chitatsala pamene anayambira kuti asabwereze dontho. Ndi mmene anamuphunzitsira. Kenako zinafika pa wachitatu.

Chala chinazungulira mkombero wonse, n'kubwerera pamene chinayambira. Chinadutsa pamalo pa dontho lija osaima n'komwe.

Thukuta linatsika m'khwapa mwa Mayi Madontho. Mtsikanayo anazunguliranso kachiwiri, pang'onopang'ono. Anapendeketsa mutu. Kenako anakokera makina pafupi, n'kuika zala pamabatani.

Apa ndi pamene mayiwo nzeru zinawathawa. Mumtima ankangoti, mwana uyu wagwa, wagwa chifukwa cha katoni. Chaka chonse chija, kupita kwa ahedi ngati wopempha mchere, kunyozedwa mu sitafu, zonse zithere pa kadontho kosakwana njere ya mapira? Sanaganize zochita. Phazi ndi limene linaganiza. Chidendene cha nsapato chinakwera, n'kugunda simenti kamodzi: go.

Asidi anali akuyang'ana wotchi, sanatembenuke. Koma zala za Loya zinauma pamabatani. Chidendene chija chinakweranso.

Dzanja la Loya linakwera m'mwamba.

"Sala."

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Asidi.

Mtima wa Mayi Madontho unadumpha ndi chimwemwe. Wazindikira, afunsa za donthoyo, zitheka mwa lamulo.

"Ndikupempha kuti madamu atuluke," anatero Loya, nkhope italunjika kutsogolo. "Akundisokoneza."

Asidi anayang'ana mtsikanayo, n'kuyang'ana mayiwo.

"Nanga makina akadya pepala?"

"Ndimatha kukonza ndekha, sala."

Mayi Madontho anadzuka. Pa zaka makumi awiri za ntchito, anathamangitsidwapo m'maofesi a anthu akuluakulu osamva kanthu, koma apa zinawalasa mpaka m'fupa. Anatseka chitseko mosamala kuti chisalire.

Panja, pabenchi la pakhonde, panakhala bambo a Loya, atavala ovolosi yothimbirira girisi. Iwo amakonza njinga pafupi ndi siteji ya basi, ndipo tsikulo anatseka shedi kuti adikire mwana wawo. Ataona madamu anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Wamaliza kale?"

"Ayi, abambo. Wanditulutsa."

"Wakutulutsani ndani, Asidi?"

"Mwana wanu."

Bamboyo anaseka, koma ataona nkhope ya madamu anameza kusekako. Anapukuta benchi ndi chipewa kuti akhale.

"Pepani madamu. Ameneyu anatengera mayi ake malemu. Inenso amanditulutsa m'nyumba mwanga momwe. Paja munatiuza kuti timupangire atomu yogwirika? Ndinapinda mawaya a sipoko atatu, n'kumamatiza magololo a njinga. Tsiku lina gololo limodzi linagwa, ine n'kuti aaa, limodzi lokha, zilibe kanthu. Anandizenga mlandu mpaka chakudya chinazizira. Akuti ababa, mwasintha chinthu chonse, mukanakhala dokotala mukanapha munthu."

Mayi Madontho sanaseke. Anawauza za katoni ndi za dontho. Za chidendene sanatchule chifukwa cha manyazi. Bamboyo anamvetsera, n'kuyamba kupotokola chipewa chija ngati akuchifinya madzi.

"Ndiye kuti walakwa?"

"Ndinaona chala chikudutsa, abambo. Kawiri konse."

Kuseri kwa chitseko makina ankalirabe, kenako analeka nthawi yaitali, kenako anayambiranso. Belu la buleki linalira, ana anatuluka m'makalasi ndi phokoso lawo, n'kubwereranso. Ndiye kunamveka mawu a Loya, akuwerenga mayankho ake. Mawu enieniwo sankamveka, chitseko chinali chochindikala. Bamboyo anadzuka, anafika pa mpopi, sanamwe madzi, anabwerera.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka Asidi yekha, pepala la chithunzi lili m'manja, nkhope yosawerengeka.

"Madamu, pa chithunzi ichi munaika madontho angati?"

"Leveni."

"Ine ndikuwerenga teni. Ndawerenga ndi maso, ndawerenga ndi chala." Anatembenukira m'chipindamo. "Iwe, tabwera. Uwauze zimene wandiuza ine."

Loya anatuluka ndi ndodo yake yoyera, n'kuima pakhomo. Anatambasula dzanja, Asidi n'kumupatsa pepalalo.

"Ndinapeza teni, sala, koma sizinandikhutitse. Munthu sangajambule mkombero wachitatu woti pasakhale kanthu. Ndi ngati kuyala mphasa mlendo kulibe. Ndiye ndinatembenuza pepala." Analitembenuza, chala n'kuyenda kuseri kwake mpaka chinaima. "Dontho amalitosa kuchokera kuseri kuno. Kutsogolo likhoza kuphwanyika, koma kuno kachibowo kamatsala. Gwirani apa."

Asidi anaika chala pamene panali chala cha mtsikanayo. Anasisita, anatseka maso, anasisitanso.

"Kalipo," anatero motsitsa. Anakonza taye yake, ngakhale inali yowongoka kale. "Sodiyamu. Mapulotoni leveni, kulemera twente-firii. Wapeza sevente-foro. Lolemba ubwere ku labu hafu seveni, ndipo ukachedwa ndikubweza ngati wina aliyense."

Bambo a Loya anaponya chipewa m'mwamba, chinakakodwa pa waya wa magetsi a pakhonde, iwo osasamala. Anagwira dzanja la Asidi ndi manja awiri, girisi yense n'kumupaka, Asidi osadandaula. Kenako awiriwo anauyamba wa ku ofesi ya ahedi, bamboyo akufotokoza za magololo.

Pakhondepo panatsala Mayi Madontho ndi Loya. Mayiwo ankafuna kumukumbatira, koma manja anakana.

"Madamu, mwakwiya?"

"Ayi, mwanawe."

"Mwakwiya. Mukupuma ngati mwakwera masitepe." Loya anasuntha ndodo kuchoka dzanja lina kupita lina. "Nsapato ija ndinaimva. Mukanagundanso kachiwiri, sala akanamva. Ndipo ngakhale akanapanda kumva, ine ndikanadziwa. Moyo wanga wonse ndikanamadzifunsa ngati ndinapeza ndekha."

"Ndinaona chala chako chikudutsa, ndiye ndinaopa."

"Ndinali ndisanamalize, madamu. Ndimafuna ndilembe kaye manyutuloni, ndibwererenso." Mawu ake ananjenjemera koyamba tsiku limenelo. "Sala ndinkadziwa kale kuti sakhulupirira kuti ndingathe. Zimenezo sizinkandiwawa. Koma inu?"

Mayi Madontho zinawapweteka chifukwa zinali zoona: m'chipinda muja, munthu amene anataya mtima pa mwanayo poyamba sanali Asidi. Misozi inatsika, ndipo sanaibise, poti kubisira Loya kunali kutaya nthawi.

"Pepa, mwana wanga," anatero.

Loya anagwedeza mutu. Anapinda pepala lija kawiri n'kuliika m'thumba la yunifolomu. Mayiwo anasendeza chigongono chawo pafupi, monga ankachitira tsiku lililonse popita kugeti, kuti mtsikanayo agwire. Loya anachikhudza pang'ono, n'kuchisiya.

"Labu ili mbali iti, madamu? Mungondiuza, ndikufuna ndiyambe kuizolowera njirayo."

"Kumanja kwako. Ukadutsa zitseko zitatu, pali sitepe imodzi yotsika."

Ndodo inayamba kugogoda simenti. Mayi Madontho anaima pomwepo, manja atawagwirira kumbuyo, mpaka mtsikanayo anatsika sitepe ija.