Mfuti ya Pakamwa Pang'ono

A Benedicto ankayeza chilichonse ndi kachala kakumapeto. Tiyi akabwera, ankaviikamo kachalako asanamwe. Pobzala mtedza, ankapisa kachalako m'dothi kuti adziwe ngati mvula yalowa. Ngakhale mfuti ya mnzawo, asanaiyamikire, ankayamba apisa kachalako pakamwa pake. Kakalowa momasuka, ankaibweza kwa mwini wake osaiyamikira.

Tsopano kachalako kanali kumanda, ndipo mfuti yawo ya gogodela inali pamphasa pakhonde, pamodzi ndi makasu, pampu ya njinga ndi jekete la kutchalitchi. Anthu anali atameta m'mawa womwewo. Ochokera kutali anali atalowera kale msewu wa ku Kachebere, koma a Rodrick, mng'ono wa malemu, anatsala kuti agawe katundu.

"Iyi ndi ya Chimwemwe," anatero a Rodrick, akuikankha ndi phazi. "Koma alamu, ija ya pakamwa papakulu ili kuti? Ija ankaphera njati bambo athu."

A Stelia, mkazi wa malemu, ankakwecha mapoto obwereka kwa anansi. Sanadzutse mutu.

"Mwaifunsa mochedwa. Mwini wake anali pano zaka zonsezi."

"Mwini wake anali ndi makani ngati bulu. Mwana uyu ndikupita naye kutsidya. Kuli anzanga amene amadziwa kumene nyama imamwa madzi. Ndiye akalowe m'tchire la ku Zambia ndi kaphesi aka? Njati ingamuseke."

Chimwemwe, mwana wawo wamwamuna yekhayo, anali atakhala panjerwa, mutu wake wometa ukunyezimira padzuwa. Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo nyumba yawo inali isanafoleredwe. Chikwama cha ulendo cha Chimwemwe chinali kale kuseri kwa chitseko. Amayi ake anali atachiona pamene ankasesa.

"Amayi, bambo aang'ono akunena zoona," anatero Chimwemwe motsitsa mawu. "Nyama imodzi yokha, malata alipo. Kamfuti aka n'ka nkhanga ndi nkhwali basi."

"Nkhangazo ndi zimene zakukulitsa iwe."

"Sindikukana. Koma n'chifukwa chiyani abambo anasankha kampaipi kakang'ono chonchi? Kwa a Mwamadi osula zitsulo aja kunali mipaipi yamtundu uliwonse."

A Stelia anaika poto pansi n'kupukuta manja pachitenje.

"Ndinalipo tsiku limenelo. Ndinali ndi iwe kumsana. A Mwamadi anatulutsa waukulu, abambo ako anapisa chala, n'kukana. Anatulutsa wina, anakananso. Mpaka a Mwamadi anati, kodi mukufuna mfuti kapena chitoliro? Iwo anati akufuna yodya wonga pang'ono, yosamenya phewa, yoti ukawombera nkhwali uzikatola nkhwali, osati nthenga zokha."

"Kuumira," anatero a Rodrick. "Achimwene ankaumira ngakhale mchere."

"Mwina. Koma tikubwerera anandiuza china. Anati mfuti ili ngati mwana: pakamwa pakakula, mimba imakulanso. Ya pakamwa papakulu siikhuta nkhanga. Imakudzutsa, imakuwolotsa malire, imakupititsa kumene kuli chakudya chake. Yaing'ono imadya zapamunda, madzulo n'kukubweza kunyumba."

A Rodrick anaseka, koma kusekako kunathera panjira.

"A Kefasi inawabweza?" anafunsa a Stelia.

A Kefasi anali wapakati pa a Benedicto ndi a Rodrick. Anawoloka malire ndi a Benedicto kalekale, Chimwemwe asanabadwe, njati yovulala n'kuwapeza m'udzu n'kuwapha, a Benedicto akuthirabe wonga wachiwiri. A Benedicto anabwerera okha, mfuti yaikulu ija ili paphewa.

"Zimenezo zinapita," anatero a Rodrick. "Mfuti ndi ya kubanja kwathu, alamu. Simungaibise. Ngati munaikwirira, fukulani. Mtengo wake ngati unadyedwa ndi chiswe, tikasemetsa wina. Ine ndikufuna mpaipi."

"Ndani wabisa? Inu nomwe mwaigwira masiku onse amaliro ano. Bwerani."

Anawatsogolera kuseri kwa nyumba, kudutsa pankhokwe, mpaka pachitsime chimene a Benedicto anakumba ndi manja awo. Pamitengo iwiri ya mphanda panagona chitsulo chachitali chimene chingwe cha ndowa chinkazengerezedwapo. Mbali imodzi anachipinda kuti chikhale chogwirira, ndipo pamenepo panali posalala, powala, chifukwa cha manja a mudzi wonse.

A Rodrick anawerama. Anapala dzimbiri ndi chikhadabo, napeza kabowo koyatsira moto katatsekedwa ndi msomali.

"Anapinda mfuti ya bambo athu?"

"Anaitentha pamakala tsiku lonse. Dzulo munkadandaula kuti ikulira, munathiramo mafuta inu nomwe."

"Misala! Chuma ngati ichi, kutungira madzi?"

"Amene anabwera kudzalira achimwene anu amwa madzi ake. Inunso mwasamba."

A Rodrick anaimirira, nalavula pambali.

"Mipaipi sinathe padziko. Chimwemwe, ku Chipata ndikupezera wina, woposa uwu. Ndinyamuka dzuwa likapendeka. Ukafuna kukhala mwamuna, undipeze pamsewu."

Anachoka akukutumula fumbi m'thalauza. A Stelia sanamuchonderere mwana wawo. Anaponya ndowa m'chitsime.

"Pukusa, mapoto akudikira," anatero. "Ndipo anyani sadziwa kuti kuno kuli maliro. Chiyambire kudwala abambo ako, kuchilindo sikunagone munthu. Mtedza ukutha."

Chimwemwe anagwira chitsulocho n'kuyamba kupukusa. Ndowa itafika pamwamba, anasuzumira kumapeto kwa mpaipiwo, napisamo chala chachikulu. Chinalowa chonse, malo n'kutsala. Anakhala choncho kanthawi, madzi akudontha m'chitsime.

Dzuwa litapendeka, a Rodrick anaima pamsewu, njinga ili m'manja, akuyang'ana kunyumba. Chimwemwe anatulutsa chikwama chake kuseri kwa chitseko n'kuchikhuthulira pamphasa. Anachotsa nsapato zoyendera ulendo ndi chikwanje chachitali. Anaikamo bulangete, kapoto, mchere, nyanga ya wonga ndi kathumba ka tizipolopolo ta abambo ake, tating'ono ngati nandolo. Anamanga chikwamacho.

"Uwauze bambo aang'ono asachedwe, kuwadera," anauza mkazi wake. "Ine ndili kumunda."

Anatola mfuti ija pamphasa, naiimika pakati pa mapazi ake. Asanaikoleke paphewa, anagunditsa kachala kakumapeto pakamwa pake. Kanakana kulowa.

A Stelia anaona. Anatembenuka, n'kupitiriza kukwecha poto.