Mchere wa Nsomba za Apongozi

Suwilanji anafika kwa a Magret akuthamanga, nsomba yakufa ili m'kapu.

"Ama, tiyeni mukaone! Ndapha nsomba za apongozi!"

A Magret, oyandikana nawo nyumba ku Chikale, m'mbali mwa nyanja, anasiya usipa umene ankayanika n'kumutsatira. Nsombazo ankazidziwa aliyense. A Mackford atabwerako ku Durban, kumene anagwira ntchito zaka makumi awiri, anaika pabalaza thanki yagalasi ya nsomba zinayi za m'nyanja yamchere. Tsopano anali ku Mzuzu sabata yachitatu, akudwazika mkulu wawo. Suwilanji anali ndi miyezi iwiri yokha chikwatiwire ndi mwana wawo Owen.

Zitatu zotsalazo zinali zitaunjikana pakona, zikupuma mofulumira. Muvi wa kachipangizo koyezera mchere unali utapitirira kutali mzere wofiira umene eni ake analemba.

"Wakhala ukuzitani?" anafunsa a Magret.

"Zimene anandiuza a Owen, kuti madzi akatsika ndiziwonjezera. Ndi dzuwa la Okutobala lino amatsika tsiku lililonse. Ndimatunga madzi osefa a m'chigubu, n'kusungunuliramo mchere wa m'thumba lawo, poti ndi nsomba zamchere."

"Apongozi ako sanakuuze okha?"

"Ine kukhala pansi ndi apongozi? Anauza mwana wawo, mwana wawo n'kundiuza ine ali pakhomo, akuthamangira kuntchito."

A Magret anaviika chala m'thankimo, analawa, n'kulavula.

"Iwe, ndiwo zikaphwera pamoto umawonjezeranso mchere? Amauluka ndi madzi, mchere umatsala. Wazithira mchere ngati zokayanika pathandala!"

Suwilanji ananyamula ndowa. "Ndikatunge kunyanja, ndikhuthuliremo."

"Ika pansi! Safunsa anadya phula, iwe ukufuna kudya kawiri? Imba foni."

"Andibweza kwathu ku Chitipa, ama."

"Akubweze zitatu zili moyo, kapena zinayi zitafa. Sankha."

Suwilanji anagwada pasimenti, ngakhale kuti apongoziwo anali kutali, n'kuimba.

"Ada, ndine mkazi wa a Owen. Yachikasu ija yafa. Ndakhala ndikuthira madzi amchere."

 

"Muvi uli pati?" anafunsa a Mackford.

Anawauza.

"Madzi akunyanja ayi, mama, ndipo musakhuthule ndowa. Kusintha kwadzidzidzi kumaliza zotsalazo. Chotsani kapu imodzi, mubwezeremo kapu imodzi ya osefa, opanda mchere. Dikirani ola, muteronso. Madzulo mundiimbire inuyo, osati Owen."

Masiku atatu Suwilanji sanapite kumsika kapena kutchalitchi. Ankangokhala pafupi ndi galasi, kapu ili m'manja, akuwerenga nsomba. Tsiku lachiwiri yamizeremizere inagona chammbali, ndipo nayo inafa. Anaimbanso foni kuwauza apongozi. Lachitatu lake muvi unafika pamzere, ziwiri zija n'kuyamba kudya.

A Mackford atabwera anaima nthawi yaitali patsogolo pa thankiyo. Kenaka anakoka mpando.

"Khalani apa, mama, ndikuonetseni zonse. Ndikanayenera kutero ndisanachoke."

Suwilanji sanaukhudze mpandowo. Anakhala pansi, koma anafunsa mafunso mpaka tiyi wa apongozi anazizira.

Inunso mukamasiyira munthu chinthu chamoyo, muuzeni nokha, pamaso. Ndipo inu wosiyiridwa, gwadani ngati mukufuna, koma funsani.