Chimanga Chofiira cha Amayi

Thumba lachiwiri anyamata analichotsa pansi pa benchi langa ine nditaligwirabe kukamwa kwake, ndipo Davies, mkulu wa anyamata a chipani, anandiponda zala kuti ndilisiye. Ba Mubita, amene ankafuna ukhansala, anali chilili pakati pa msika wathu wa ku Malota, chimanga chofiira atachikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Mwaona mtundu wake? Ni ija mbewu ya azungu. Mwamuna akadya iyi, kubala kwatha."

Chinali chaka cha 1998, chisankho cha makhansala chili pafupi. Wailesi inkanena za mbewu yopangidwa kunja, yosinthidwa chibadwa, yoti ukakolola n'kubzalanso siimera. Ba Mubita nkhaniyi anaigwira ngati nkhuku ya alendo. Msonkhano uliwonse ankalumbira kuti akapambana mbewu yotere sidzaponda mu Livingstone, ndipo ine Eneless ndinkaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Mbewu yokana kubereka ndinkaiopa, ndipo ndimaiopabe. Koma mbewuyo palibe anali ataiona ndi maso, ndiye bamboyo ankasowa choloza. Analoza ine.

Chimanga changa chinali cha amayi anga, cha kwathu ku Katete. Anandipatsa chaka chimene anamwalira, ndipo ndinkachilima kuseri kwa nyumba n'kumagulitsa chotsala kwa ofuna kubzala. Kumudzi chinali chitatha ndi chilala. Matumba awiriwo ndiwo anali onse, ngakhale yanga yobzala inali momwemo. Ndinalira, ndinagwada, ndinatchula dzina la malemu. Ba Mubita anangoti matumbawo akupita kukapimidwa, galimoto n'kuliza. Kuyambira tsikulo amayi anzanga ankadutsa pa benchi langa atagwira ana awo dzanja, ngati ndikugulitsa mankhwala a makoswe.

Anapambana chisankho. Ine ndinayamba kuyenda ndi tomato pamutu khomo ndi khomo, mtima uli bii. Sindinawakhululukire, ndipo musandifunse za kutchalitchi.

Tsiku lina mu Febuluwale ndikudutsa ku Highlands, ndinasuzumira pampanda wa nyumba ya bakhansala, kumene kuli bwalo lalikulu ndi mpopi wosauma. Dengu linatsala pang'ono kugwa. Chimanga chinali chitaima kutalika kuposa mpanda, mapesi ofiirira, ngayaye zakuda ngati za m'munda mwa amayi. Mwana wako sungamusowe ngakhale atavala zovala za eni. Kupima kuja kunali kumeneku! Munthu wa kuno kouma anaona njere zonenepa, n'kuzisirira.

Ndinafuna kukuwa pomwepo kuti tauni yonse ibwere. Koma ndinaluma mlomo. Anthu akanabwera tsiku limenelo akanazula mondokwa, ndipo mondokwa subzalidwa. Ndinayenera kudikira kuti chiume. Mlungu uliwonse ndinkagulitsa tomato kwa akazi awo, kuwawonjezera ndi mbasela, n'kumayamikira munda. Iwo ankaseka, osandizindikira, amvekere bambo anapeza mbewu yabwino kwa mnzawo. Ine maso ali pa makoko, kuona ngati ayera.

Atayera, ndipo chimanga chitaweramira pansi, ba Mubita anaitanitsa msonkhano pamsika pomwe paja, woti anthu asainire kuti boma liletse mbewu yosinthidwa. Analankhula bwino, ndisaname. Atafika poti iwo anapulumutsa kale Malota ku chimanga chofiira, ndinaimirira.

"Ba khansala, chija munatenga kwa ine munachitaya kuti?"

Anati chinatenthedwa kalekale. Ndinatembenukira kwa Davies n'kumufunsa ngati mondokwa umene ankawotcha kwa abwana ake mwezi wathawo anauyang'ana mtundu. Mnyamatayo anali atangokwatira kumene. Nkhope inagwa, dzanja linapita pamimba. Anangoyamba kuyenda, ndipo msika wonse unamutsatira, ine ndili patsogolo ngati wotsogolera nyimbo ya maliro.

Ku Highlands anyamata sanagogode. Anathyola chimanga chonse n'kuchiunjika pageti, chofiira ngati njerwa, wina n'kubwera ndi botolo la parafini. Apa ndinadziwa kuti machesi amodzi atha kundiphera amayi kachiwiri. Ba Mubita anafika thukuta lili kamukamu. Davies anawagwira malaya pakhosi, misozi ili m'maso, akufunsa ngati anamudyetsa dala kuti asadzaone mwana.

Ndinalowa pakati pa botolo ndi mulu uja.

"Auzeni, ba Mubita. Ngati ni ya azungu, tiyatse, ndipo muwafotokozere anyamatawa za mabanja awo. Ngati si ya azungu, nenani mwini wake."

Anayang'ana kumwamba, anayang'ana akazi awo, amene anali atabisa nkhope m'chitenje. Kenako analankhula motsitsa ngati wodwala.

"Ni chimanga chabe cha kumudzi. Ni cha amai aba."

"Kumbuyo sanamve," ndinatero.

Anabwereza mokweza, ndipo ndinawabwerezetsa kachitatu chifukwa cha zala zanga zija. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Davies anawasiya malaya n'kukalavula m'ngalande.

Sindinachoke msanga. Ndinayala chitenje pageti pomwepo, ndinakhala mwendo uli tambalale, n'kuyamba kutonola monga anandiphunzitsira amayi: njere za kunsonga ndi za kutsinde sizibzalidwa, mbewu ndi za pakati zokha. Amayi aja ankandithawa anakhala nane, aliyense akutonola, ena akumangirira kambewu pakona ya chitenje akuganiza kuti sindikuona. Ndinawaleka.

Dzuwa likupendeka ndinakweza matumba anga pa wilibala. Bakhansala anali akadali pakhonde, tayi ili kumsana. Ndinawasiyira gawo lawo la ulimi, mulu wa zitsononkho pakhomo, chilichonse chili ndi tinjere kumutu ndi kumchira, pakati pali mbee.