Kampani Yachisanu

"Mitengo ya magetsi zana ndi makumi anayi, Amayi," anatero Yesenia akukankhira laputopu patsogolo pa mayi ake. "Sankhanipo umodzi, nthawi yanga yopuma ikutha."

Delfina Arriaga anavala magalasi. Makampani a magetsi anali ndandanda, iliyonse ikulumbira kuti ndiyo yotchipa. Panja dzuwa la Ogasiti linali kusungunula phula la mumzinda wa Corpus Christi, ndipo makina oziziritsa m'nyumba ankangobuula pawindo.

"Kale kampani inali imodzi," anatero mwamuna wake Rogelio ali pampando, kapaipi kali m'mphuno. "Tinkaitukwana tauni yonse pamodzi, kenako n'kulipira. Lero ungatukwane ndani?"

Zaka makumi awiri ndi zisanu zopala dzimbiri m'matanki a mafuta zinali zitamudyera mapapo. Tsopano ankapuma ndi makina opereka mpweya omwe ankalira pambali pake usana ndi usiku.

Chaka chatha, pakhomo la sitolo, mtsikana wina wa mano oyera anamugwira Delfina pamkono n'kumuuza za magetsi aulere usiku. Delfina anasaina, nafika kunyumba akuvina. Mtsikanayo sananene kuti masana mtengo wake ndi wowirikiza. Mabilu anabwera onenepa, katatu konse analipira mochedwa, ndipo tsopano kalata inati mgwirizano utha Lachisanu. Akapanda kusankha, mtengo uzisintha mwezi ndi mwezi mmene kampaniyo yafunira.

"Nanga iyi?" Delfina analoza. "Taona kutchipa kwake."

Yesenia anawerenga timalemba ta m'munsi. "Imatchipa mukagwiritsa ntchito mayunitsi chikwi ndendende. Inu mumafika pafupifupi zikwi ziwiri."

"Ndiye ine ndizipuma theka la mwezi," anatero Rogelio. "Theka linalo ndizingokumbukira."

"Musaseke, bambo a Yesenia."

"Sindikuseka, mayi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Suja munavina chaka chatha?"

Delfina anabwerera pa laputopu. Anayesa kampani yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Iliyonse inkamulandira ndi ulemu, kufunsa dzina ndi nambala, kuganiza pang'ono, kenako kunena chimodzimodzi: chifukwa cha mbiri yochedwa kulipira, ayambe wapereka chikole cha madola mazana anayi ndi makumi asanu.

Yesenia anayang'ana pansi. Mwamuna wake anali atachotsedwa ntchito kudoko mu Juni. "Ndikanakhala nazo, Amayi..."

"Ndakupempha kodi?"

Pansi penipeni panali kampani yachisanu, ya magetsi olipiriratu. Chikole ayi, mbiri osafunsa. Delfina anawongoka pampando.

"Imeneyo iwalani," anatero Yesenia. "Mayunitsi akangotha amadula, sachita kudikira milungu ngati enawa. N'chifukwa chake salembetsa nyumba ya munthu wodalira makina ngati Ababa. Mwandimva, Amayi? Imeneyo ayi." Anatenga makiyi a galimoto, napsompsona bambo ake pamphumi. "Tiyesanso Lamlungu."

"Lachisanu limayamba kufika," anatero Delfina, koma chitseko chinali chitatsekedwa kale.

Anaimbira kampani ya magetsi aulere usiku ija. Anamuimbira nyimbo kwa theka la ola asanamve mawu a munthu. Anafotokoza zonse: mapapo, makina, kutentha. Mayi wa mbali inayo anamvetsera bwinobwino, napepesa kawiri, kenako anatchula mtengo watsopano. Unali woposa wa chaka chatha.

"Mwanawe, mawaya ndi omwewo, pholo ndi lomweli ndikulionali. Chakwera n'chiyani?"

"Ndi msika, mayi. Koma muli ndi ufulu wonse wosankha kampani ina."

Delfina anadula foni. Anakhala patebulo nthawi yaitali manja ali pamasaya. Anaganiza za bilu ya Seputembala, yomwe sakanaikwanitsa. Anaganizanso kuti madola makumi awiri lero, makumi awiri Lolemba, amenewo akhoza kumawapeza ndithu, bola azimayi omwe amawasokera madiresi azilipira pa nthawi yake. Koma ankawadziwa azimayiwo.

Analemba nambala ya kampani yachisanu kuseri kwa envulopu. Anayang'ana Rogelio: maso anali otseka. Anatuluka, natseka chitseko bwinobwino kuti kulira kwa makina kusamveke pa foni, nakaima pakhonde pomwe simenti inkaotcha kudzera m'masilipasi.

Bambo amene anayankha anali wansangala. Dzina, nambala ya nyumba, nambala ya mita, zonse zinayenda ngati madzi.

"Funso lomaliza, mayi. M'nyumba mwanu muli munthu wodalira makina a magetsi kuti akhale ndi moyo?"

Galimoto yotola zinyalala inadutsa mumsewu. Delfina anaidikira mpaka inakhota.

"Mulibe," anatero.

"Zikomo kwambiri. Takulandirani!"

Atalowa anapeza Rogelio ali maso.

"Mwapeza?"

"Ndapeza. Yopanda chikole."

Mwamunayo anamuyang'ana. Anali atakhala naye zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankadziwa chimene chimamutulutsa Delfina panja dzuwa lili paliwombo.

"Yesenia tisamuuze," anatero Rogelio motsitsa mawu.

Lachisanu m'mawa foni inalira. Uthenga unati kampani yatsopano yayamba kuwapatsa magetsi, ndipo ndalama zomwe analipira zikwanira masiku anayi. Delfina anazimitsa makina oziziritsa, nanyika thaulo m'madzi n'kumuika mwamuna wake pakhosi. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kusoka ndi manja, osayatsa makina ake osokera.