Mwendo wamanzere wa Esau

Timu ya ku Nkaya ikagoletsa, masapota ake savina ngati anzawo. Amandandalika pamzere, aliyense atagwira phewa la mnzake, n'kuzungulira bwalo akutsimphina. Ena amati akuyerekeza sitima. A timu ya ku Nsanama ndiwo anakadandaula kwa akuluakulu a ligi kuti guleyu amanyoza olumala, ndipo yankho linabwera lalifupi: Loweruka papezeke wofotokoza tanthauzo lake, apo ayi aletsedwa.

A Blasius zinawawawa kwambiri. Guleyu anamuyambitsa ndi iwo, sabata imene anaika m'manda mng'ono wawo Esau. Esauyo anathyoka mwendo wamanzere ali mwana atagwa pangolo, koma ankamwetsa zigoli akuukoka choncho, ndipo akagoletsa ankazungulira bwalo lonse kuti amene ankamuseka amuone bwino. Mtanda wa pamanda pake chiswe chinadya kalekale. Chimene chinatsala ndi guleyu basi.

Loweruka lija, tsiku la masewero, a Blasius njinga inawaphwera panjira. Pamene ankafika pabwalo akuikankha, thukuta lili kamukamu, mkulu wa ligi anali atafunsa kale mtsogoleri wa masapota. Mtsogoleriyo anali Noah, mwana wa Esau, amene bambo ake anamusiya ali kumsana ndipo anakulira kwa amayi ake ku Utale.

"Timaonetsa kuti timu inayo taithyola mwendo, bwana," anatero Noah, anzake n'kumuombera m'manja. Kuyankha kwake ngati wafunsidwa mtengo wa tomato.

"Iyayi bwana, si choncho," anatero a Blasius akupumira m'mwamba.

"Mwamumva nokha, madala. Lero avine komaliza," anatero mkulu uja, n'kupita kukakhala pansi.

A Blasius mtima unawira, koma akanakalipira ndani? Zaka zonsezi ankangoganiza kuti chimene mudzi wonse ukuvina sichifunika kuchifotokoza.

Chigawo chachiwiri Nkaya inagoletsa. Mzere unanyamuka, Noah ali patsogolo, fumbi koboo. A Blasius anayang'anitsitsa miyendo ija, ndipo ataona kuti onse akukoka wamanja, analephera kupirira. Analowa m'bwalo n'kumugwira Noah malaya.

"Wamanzere, iwe. Bambo ako ankakoka wamanzere."

Noah anaima, a m'mbuyo mwake n'kuombana okhaokha. Anayang'ana mwendo wake, kenako anayang'ana a Blasius.

"Bambo aakulu, mukuti bambo anga ankatsimphina?"